Eni munda ndi aganyu: mbiri ya masapota a Maule ndi Manoma

Abale anga a kumudzi kuno, ndi inu a ku Mbayani, Chemusa ndi Chirimba, lero nkhani za feteleza ndi mitengo ya nandolo tipume kaye. Pali mkangano umene sukutha pakati pathu. Umayambira pa bawo, umafika pa chinkhoswe, ngakhale pa siwa amuna akakhala pamoto usiku umatulukira ndithu. Inu a m'tauni mumati ife akumudzi si masapota enieni chifukwa timangomvera pa wailesi, khomo la sitediyamu sitilidziwa. Anyamata akuno nawo amati inu a m'tauni mumasintha jezi malinga ndi amene wawina sabata imeneyo. Ine ndinakhala ku Mbayani zaka zambiri ndisanabwerere ku khasu, ndipo mpaka pano ndimabwera ndi tomato ndi mpiru pamsika, ndiye mbali zonse ndimazimva. Ndinene poyera kuti ndine wa Maule, kuti a Noma muwerenge muli tcheru.

Mawu oti aganyu mu mpira anachokera kwa ife alimi. Waganyu amabwera m'munda mwako, mugwirizana ndime, apalira, umupatsa zake, wapita. Mbewu ikapsa ndi dzuwa iye sagona ndi mutu. Ku sitediyamu nakonso, Silver Strikers ikabwera kudzasewera ndi Bullets, a Noma amakhala mbali ya Silver n'kumaimba ngati anabadwira ku Area 47. Sabata inayo a Maule amabweza. Waganyu wotere ine ndilibe naye mlandu. Sabisa. Aliyense akudziwa kuti wabwera kudzaseka neba, mpira ukatha abwerera kwawo. Amene ndikufuna timuone bwino ndi wina uja amene amafika nthawi yokolola n'kumalankhula ngati munda ndi wake, pamene mu Januwale, udzu utafika m'chiuno, sanaoneke.

Kuti timudziwe, tiyambe ndi mayina a matimu awiriwa, chifukwa mbiri yonse yabisala m'mayinamo.

Wanderers ndi yakale. Inayamba mu 1962 pakati pa Apwitikizi amene ankakhala mu Blantyre, dziko lino likadali Nyasaland. Mu 1967 osewera ena anachokako n'kukayambitsa timu yawo, ndiyo Bullets. Ndiye mukamva akunenana kuti neba, dziwani kuti ndi anthu a mtundu umodzi amene anagawana nkhokwe. Chiyambire pamenepo timu iliyonse yavala dzina la amene akuidyetsa. Bullets inakhala Bata Bullets zaka zambiri, kampani ya nsapato ija, kenaka Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets, kenaka Big Bullets yopanda dzina la munthu kutsogolo, kenaka Nyasa Big Bullets, mpaka banki ya FCB inawonjezera zilembo zake. Noma nayo: Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward ya magalimoto a ku Japan, Mukuru. Mlimi mnzanga taonapo apa, Limbe Leaf ndi kampani yogula fodya, Nyasa ndi kampani yopanga ndudu. Thukuta la alimi lalowa m'matimu onse awiri, ndiye wina asamatiuze kuti mpira ndi wa anthu a m'tauni okha.

Mayina onsewa anabwera n'kupita. Chimene sichinasunthe ndi mawu achiwiriwo, Bullets ndi Wanderers, kufiira ndi buluu, komanso anthu amene ankati timu ndi yathu kaya kutsogolo kwalembedwa chiyani.

Kumudzi kuno anthu anayamba bwanji kusapota matimu a mu Blantyre? Sanasankhe poona tebulo la ligi ayi. Timu inkabwera ndi malume. Munthu wapita kukagwira ntchito ku David Whitehead, kapena ku njanji ku Limbe, kapena kukakhala mlonda ku Namiwawa, akugona ku Mbayani kapena ku Ndirande. Pa Khirisimasi akubwera ndi shuga, buledi, ndi nkhani za Kinnah Phiri mmene amachinyira, kapena za Jack Chamangwana mmene amatsekera kumbuyo. Ana a mlongo wake onse basi alowa timu imeneyo. N'chifukwa chake mpaka lero mupeza mbumba yonse ndi ya Noma, tsidya la mtsinje onse ndi a Maule. Wailesi inamalizitsa ntchito. Wailesi ya Nzeru imodzi pansi pa mtengo wa mango, mabatire oyanikidwa padzuwa kuti akokeko pang'ono, anthu makumi awiri atazungulira. Malawi itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, osewera ambiri anali a matimu awiri omwewa, ndipo mayina awo analowa m'mudzi muno ngati mayina a abale. Pambuyo pake kunabwera mawu a Steve Liwewe Banda pa MBC, munthu ukumva mpira ngati ukuuona. Ana pa chikulunga ankalimbirana kuti Lawrence Waya akhale ndani.

Ku Mbayani kunali kwina. Kumeneko mpira tinkaupita wapansi. Loweruka kapena Lamulungu masana gulu linkanyamuka, kudutsa pa Clock Tower, kulowa mumsewu waukulu uja wopita ku Limbe, kudutsa Ginnery Corner, mpaka pa Chichiri. Ndalama ya minibasi ndiyo inali ya pakhomo. Tinkakhala ku masitandi osafolera, dzuwa likuswa mtengo, ena atanyamula nzimbe, ena chinangwa chophika m'thumba. Ukawina, ulendo wobwerera sunkaumva. Ukaluza, chitunda chokwera ku Mbayani chinkatalika kawiri, ndiponso unkadziwa kuti neba wako wa Noma wakhala pakhonde kukudikira, wailesi ili pamwendo.

Super League inayamba mu 1986 ndipo oyamba kuitenga anali Bata Bullets. M'zaka za m'ma 1990 Noma inalimba, inatenga ligi kangapo. Kenaka kuchokera 1999 mpaka 2005 Bullets inatenga ligi zaka 7 zotsatizana. Apa mpamene nkhani yathu ikuyambira kwenikweni.

Mu 2003 pulezidenti wa nthawiyo, a Bakili Muluzi, anatenga timu n'kuipatsa dzina lawo. Ndalama zinaoneka. Timu inakakonzekera mpaka ku UK, chinthu chimene sitinkachilota. Mu 2004, pansi pa kochi Kinnah Phiri, ndi anyamata ngati Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi goloboyi Swadick Sanudi, Bullets inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a CAF Champions League. M'gulu lawo munali Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sanapitirire, komatu dziwani kuti awiri a m'gulu limenelo, Enyimba ndi Etoile, ndi amene anakakumana mu fainolo, Enyimba n'kutenga chikho. Sanali masewera a ana.

Chaka chimenecho ku Mbayani aliyense anali wa Maule. Anthu amene sanapondepo ku Chichiri anagula nsalu zofiira. Mabwana amene kale ankati mpira ndi wa anthu osowa chochita anayamba kuoneka ku mipando yofolera. Ena analowa chifukwa cha chipani, poti timu inali ndi dzina la mtsogoleri wawo. Ife akalekale tinkakankhidwa pakhomo ndi anthu osadziwa n'komwe kuti timuyi inkatchedwapo Bata. Sindikudandaula, sitediyamu yodzadza imakoma, ndipo phokoso lawo linathandiza. Ndikungonena kuti nkhope zinali zambiri.

Thandizo lija litatha, nkhope zinachepa. Paja akulu anati chibale cha nkhwangwa chikoma pokwera. Osewera abwino anapita kunja, ambiri ku South Africa. Dzina linatsala Big Bullets basi, popanda kampani yokhazikika kumbuyo. Kuchokera 2006 mpaka 2013 ligi sinabwere kwa Maule, zaka 8. Noma inatenga mu 2006, ESCOM United inatenga kawiri, zotsalazo Silver Strikers inkangokolola. Osewera ankadandaula za malipiro, timu inkadalira ndalama za pakhomo ndi anthu akufuna kwabwino. M'zaka zimenezo ndi mmene unkadziwira mwini munda. Pamsika wa Mbayani panali anthu ogulitsa makala, okhoma zidebe, a kabaza, amene Lolemba lililonse ankanyozedwa, koma Loweruka n'kutseka benchi msanga, ulendo wapansi ku Chichiri kukalipira pakhomo kuti akaone timu imene mwina iluzanso. Ndalama zawo zochepazo ndi zimene zinkagula mafuta a basi ya timu. Aja a nsalu zofiira za 2004 ena tinawaona atavala za Silver, ena anati mpira wa pa Malawi ndi wotopetsa, n'kusamukira ku vidiyo sho.

A Noma musaseke, chilala chanu chinali chachitali kuposa chathu. Mutatenga ligi mu 2006 munadikira mpaka 2017, zaka 10 zathunthu pakati popanda kanthu mu ligi, makapu okha apa ndi apo. Ndipo chaka chimene munaitengacho, pansi pa Yasin Osman, Kamuzu Stadium inali yotseka, matimu a mu Blantyre akusewerera m'mabwalo a eni. Ndinaona ndi maso anga anthu a Noma a ku Mbayani akusonkherana kukwera lole kupita ku Balaka kukaonera masewero amene pa pepala anali a pakhomo. Munthu wodzuka m'mawa, kulipira lole, kupsa ndi dzuwa la ku Balaka, kubwera usiku fumbi lokhalokha, ameneyo ngakhale ndi neba ndimamuvulira chipewa.

Tsono funsani kuti matimu ena aja ali kuti. MDC United inali timu yoopsa, bwalo lake ku Chilomoni lilipo mpaka lero, koma timu kulibe. Kampani itagwa, timu inagwa nayo. ESCOM United, imene inatenga ligi mu 2007 Maule ndi Manoma akuyang'ana, patangopita zaka zochepa inatuluka mu ligi, lero ana sailidziwa n'komwe dzina. Hardware Stars akulu okha ndi amene angaikumbuke. Matimu amenewa anali ndi osewera, anali ndi mabasi, ena anali ndi malipiro abwino kuposa a Bullets. Pamene ankawina anthu ankawaombera m'manja ndithu. Chimene analibe ndi khamu loti kampani ikachoka litsale likulira, likusonkha, likukana kuti timu ife. Tigers yokha, imene inatenga ligi mu 1989 ikadali ya ADMARC, ndi imene yakhala ikupumira m'mwamba mpaka pano chifukwa cha anthu ochepa ouma mitu amene sanaitaye. Bullets ndi Wanderers zinasiyidwapo ndi makampani kangapo konse, osafa. Kampani yatsopano ikamabwera imadzagula chiyani? Imadzagula khamu lija linatsala nthawi ya chilala. Popanda anthu a makala aja, a Nyasa sakanapeza choti aikepo dzina lawo.

Komabe ndisakometse mbali imodzi, eni mundawa ali ndi matenda awo. Munthu akavutika ndi timu zaka zambiri amayamba kuona ngati ndi katundu wake. M'zaka zopanda kampani zija masapota ena ankalowerera chilichonse: kochi achoke, uyu asasewere, komiti ituluke lero lomwe. Nkhani za ndalama za pakhomo zosowa zinkatuluka m'nyuzipepala kawirikawiri, ndipo ena odzitcha masapota a magazi ankadya nawo pomwepo. Za miyala ndi mabotolo sindinena zambiri, mukuzidziwa. Mu Disembala 2013 ku Balaka, pa masewero a Wanderers ndi Silver, kunabuka chipolowe munthu mmodzi n'kutaya moyo. Wongotengeka sachita zimenezo, iye timu ikaluza amangovula jezi n'kupita kukamwa tiyi. Oponya miyala nthawi zambiri ndi aja amati timafera timu. Ndiye munthu asamadzitame ndi zaka zimene wasapota ngati zaka zimenezo wakhala akuthamangitsa amayi ndi ana ku sitediyamu. Azimayi ambiri a ku Mbayani amene ankapita ku mpira kale anasiya chifukwa cha zomwezo, osati chifukwa timu inkaluza.

Maule anadzuka mu 2014 ndi 2015, akadali osauka. Mu 2015 analowa CAF ndi ndalama zopemphapempha, anatulutsa Fomboni ya ku Comoros, n'kukagwa kwa Al Hilal ku Sudan, kubwerako ndi ngongole. Kenaka a Nyasa analowa. Mu 2016 asilikali a Kamuzu Barracks anadabwitsa dziko potenga ligi. Kochi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe atabwera mu 2018, ligi inakhala ya Bullets kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zonse zinayi: ligi ya TNM, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Nsalu zofiira zinabwereranso pamsika, ngati bowa mvula ikagwa. Ndinaona anthu amene ndikuwadziwa bwinobwino kuti mu 2010 ankatiseka, akuimba patsogolo pa gulu. Mu 2024 Silver, pansi pa Peter Mponda yemwe uja wa 2004, inalanda ligi, ndipo ena mwa iwo anayambanso kuyankhula za Lilongwe mokoma.

Mwana wobadwa mu 2008 amene wakula akuona Bullets ikungowina, ameneyo sindimuweruza. Sanasankhe nyengo yobadwira. Chilala chake chikubwera, tidzamuona pamenepo.

Za vidiyo sho ndinenepo pang'ono, poti ndi kumene matendawa anakulira. Ma dishi atafika m'makwalala a Mbayani, zisakasa za mabenchi zinadzadza ndi anthu oonera mpira wa ku England. Kumeneko kusintha timu n'kosavuta, chifukwa palibe malume amene anakupatsa, palibe ulendo wapansi umene unayenda. Chelsea itagulidwa ndi Roman Abramovich mu 2003 n'kutenga ligi ndi Mourinho mu 2005, Mbayani yense anasanduka wa buluu. Man City italandira ndalama za ku Abu Dhabi mu 2008, patapita zaka zochepa kunabadwa masapota a City amene sankadziwa kuti mzinda wa Manchester uli ndi matimu awiri kuyambira kalekale. Ferguson atapuma mu 2013, jezi za United zinayamba kutsika mtengo pa kaunjika. Mu 2016 tinaonanso a Leicester, kwa chaka chimodzi chokha. Koma ngakhale kumeneko eni munda alipo. Munthu wa Liverpool amene anadikira kuchokera 1990 mpaka 2020, zaka 30, akunyozedwa pa benchi lomwelo, ameneyo ndi mtundu umodzi ndi wa Noma wa pa lole ya ku Balaka.

Ndi Flames timachita chimodzimodzi tonse, dziko lonse. Mu 2010 ku Angola titachinya Algeria 3-0, munthu aliyense anali ndi mbendera. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija ndi Morocco, m'mudzi muno anthu anatuluka m'nyumba usiku ndi zidebe, ngakhale pamapeto tinaluza 2-1. Koma Flames ikaluza kawiri katatu, mumve mawu ake pa minibasi. Pamenepo aganyu ndife ambiri.

Panopa kwabwera mtundu wina umene akuluakulu athu sanauone: wa kubetcha. Mnyamata wavala jezi ya Maule, koma pa foni wabetcha kuti Maule aluza, chifukwa akuti ndi mmene ndalama ingachulukire. Chigoli chikalowa sukudziwa ngati akulira kapena akuseka. Ameneyu sali wa timu iliyonse, ali wa tikiti yake. Ndipo zafika kumudzi kuno, ndalama ya nandolo ikuthera momwemo. Makolo a kuno, nkhani iyi tidzaikambe payokha tsiku lina, ndi yaikulu.

Tsono ndibwerere kwa inu a m'tauni amene mumati wakumudzi si sapota poti sanalowepo mu sitediyamu. Kuno kuli agogo ena, sinditchula dzina, a kuno mukuwadziwa, amene mu Blantyre anafikamo kawiri kokha moyo wawo wonse, konse kukaona wodwala ku Queens. Timu anapatsidwa ndi achimwene awo amene ankagwira ntchito ku njanji, nthawi imeneyo ikutchedwa Yamaha Wanderers. Zaka 10 zija za chilala cha Noma, masewero aliwonse ankakhala pa mpando wawo wa ndalema ndi kawailesi, adzukulu a Maule akuwazungulira kudikira kuti awaseke. Sanazimitsepo wailesi mpira usanathe, ngakhale zigoli zitakhala zitatu. Mayina a Telecom, MTL, Be Forward onsewa amawasokoneza, iwo amangoti Noma. Mu 2017 anapha tambala. Inu amene muli ndi jezi zitatu za matimu atatu mu sutikesi, ndipo sitediyamu ili pa mtunda woyenda wapansi, mukawauze agogo amenewa kuti si sapota, ine ndikakhala pambali kumvetsera.

Ndipo inu anyamata a kuno musanyade msanga. Timu yathu ya m'mudzi muno, imene imasewera pa bwalo la sukulu, chaka chatha itafika fainolo ya chikho cha mbuzi munadzadza mpaka ena kukwera m'mitengo. Chaka chino yaluza katatu, Lamulungu lapitali pabwalo panali ana a sukulu, amayi awiri ogulitsa zitumbuwa, ndi agogo aja. Mpira wophunzirira unaphulika mwezi watha ndipo anyamata akusewera ndi wosokasoka. Mbale ya chopereka ili kwa aphunzitsi a masewero. Loweruka ndikubwera ku Mbayani ndi madengu a tomato, a m'tauni amene mukufuna kuponyamo kangachepe mundipeza pamalo pomwe paja.